Msonkho wa Kukalamba Msanga

Ku Ufumu wa Mawanso kunalibe nkhalamba. Musandiyang'ane choncho, ine ndikungonena zimene lamulo linkanena. Anthu a makwinya analipo, opanda mano analipo mbwee, ena oti akafuna kudzuka pampando ankayamba apepesa kaye mawondo awo, koma nkhalamba ayi ndithu. Mwambo wa dzikolo unali wakuti munthu wamba sakalamba mfumu isanakalambe, monganso mwana sapisa dzanja m'mbale akulu asanapise. Tsono mfumu yake, Mfumu Yaikulu Mphukira Yachiwiri, inali isanakalambe.

Kubadwa inabadwa kalekale. Azamba amene anaichingamira anamwalira, ana awo anamwaliranso, adzukulu awo n'kumayendera ndodo mobisa. Koma chaka chilichonse m'mwezi wotentha kunkakhala Tsiku la Unyamata, pamene mfumu inkathamanga mpikisano ndi anyamata aliwiro a m'dziko lonse n'kupambana. Anyamatawo ankagonekedwa kumsasa miyezi ingapo kuphunzira luso lovuta zedi, lothamanga osapita patsogolo. Mfumu ikadula chingwe inkakweza litchowa lake la mchira wa nyumbu n'kufuula kuti, "Ndikadali mphukira!" Basi, dziko lonse lakhalanso lachinyamata chaka china. Mutu wa mfumu unali wakuda bii, wonyezimira ngati nsapato ya mkwati, ndipo mankhwala ake anali omwewo, polishi. Anthu onse ankapaka, poti kuyenda ndi imvi pamsewu unali mlandu wotsogola mfumu.

Chinanso muyenera kudziwa n'chakuti ku Mawanso lamulo silinkasainidwa ndi cholembera. Mawu a mfumu ankasanduka lamulo pokhapokha litchowa lili m'mwamba, Namfuwu wa Ufumu n'kuikirapo nthungululu. Popanda nthungululu zinali nkhambakamwa chabe.

Namfuwu anali Mayi Enelesi Nangondo. Abale inu, mayi amenewo anali ndi khosi! Akaimba nthungululu kulikulu la Tsekapakamwa, agalu a kumalire ankauwa, nkhunda n'kusamuka m'makola. Mawuwo anali akuthwa moti eni ake ankatseka m'makutu ndi thonje asanayambe ntchito, kuopa kudzigonthetsa. Ndiye zimene mfumu inkanena iwo sankazimva, ndipo sankafunika kuzimva. Amene anawaphunzitsa ntchito anawauziratu kuti Namfuwu wabwino samvera mawu, amayang'ana litchowa, likakwera aimbe. Motero analulutira lamulo loletsa kuyasamula pamsonkhano, analulutira msonkho wa mthunzi wa mango, analulutira malamulo enanso ankhaninkhani, osadziwa n'limodzi lomwe.

Mwezi uliwonse malipiro awo ankadulidwa, ndalamazo n'kupita ku Nkhokwe ya Ukalamba, chinyumba cha zitseko zachitsulo chimene chinali pakati pa likulu. Antchito onse a ufumu ankadulidwa chimodzimodzi n'kuuzidwa kuti adzatapa akadzakalamba. Palibe amene anafunsa kuti adzakalamba liti.

Chaka china khosi la a Nangondo linayamba kuyabwa, nthungululu n'kumatha ndi kachifuwa kumapeto. Nthawi yomweyo wamalonda wina amene ankasamuka anatsatsa chigayo cha dizilo kuseri kwa msika wa Nong'onong'o. A Nangondo ankachilota chigayo kuyambira ali mtsikana, chifukwa mayi awo anapindika msana ndi mtondo mpaka kulowa nawo m'manda. Anagona, anadzuka, n'kunena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Anavala chitenje chawo chapamwamba n'kukagogoda ku Nkhokwe.

Kalaliki wa kumeneko anadabwa, poti chiyambire ntchito anali asanaonepo munthu wodzatapa. Anasowa kwa kanthawi, anamveka akufukula uku ndi uku, kenako anabwera ali thukuta kamukamu atanyamula ndalama, zina zonunkha nkhungu.

"Zakwanira zonse?" anafunsa a Nangondo.

"Zonse, mayi. Mwayi wanu."

"Palibe chotsalira? Sindifuna za mawa ine."

"Yendani bwino, mayi," anatero kalaliki akumwetulira ngati wogulitsa mbuzi yodwala.

Chigayo chinagulidwa. Ha, chimwemwe chake! Injini ikalira khukhukhu m'mawa, a Nangondo ankavina pakhomo ufa uli mbuu m'nsidze. Amayi a ndowa ankandanda mpaka kumsewu. Thonje lija tsopano linapeza ntchito ina, yotchinga phokoso la injini. Kunyumba yachifumu nako sanawalire, poti Nduna ya Zachuma, Olemekezeka a Nyambitani, anaitanitsa kunja makina a nthungululu oyendera magetsi. Ankangodina batani, makina n'kululuta. A Nangondo atamva anaseka n'kunena kuti alulute bwino. Koma paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Dzinja litatha kunafika a Kholowa, wokhometsa msonkho, atakwera njinga yopanda mabuleki, chitini cha penti yofiira chikulendewera pa handulo. Anali bambo woonda, waulemu, amene anagwira ntchitoyo moyo wake wonse ndipo ankaikhulupirira ngati chipembedzo. Anatsika, anavula chipewa, polishi n'kutsalira m'chipewamo.

"Odi kuno, mayi. Pepani, ndabwera ndi mawu a boma."

"Fikani, bambo. Ngati ndi mgaiwa, mzere uli uko."

"Ayi, ndi za ndalama zija munatapa ku Nkhokwe. Munatapa musanakalambe."

"Ndisanakalambe? Bambo, taonani khosi ili. Ndikamakwera chitunda ndimapuma kawiri."

A Kholowa anayang'ana uku ndi uku mwamantha. "Mayi, musanene zimenezo pagulu. Mfumu ikadali mphukira, ndiye inu ndinu duwa. Tsono pali msonkho wa kutapa msanga, umene ndi theka la zimene munatapa. Pali chindapusa cha kudziyesa nkhalamba popanda chilolezo, chimenenso ndi theka."

"Matheka awiri si zonse zimenezo?"

"Mwaphunzira bwino masamu, mayi. Palinso chiwongoladzanja, poti mwachedwa kulipira."

"Ndachedwa bwanji pamene mukundiuza lero?"

"N'chifukwa chake mwachedwa."

A Nangondo anakhala pansi pa thumba la gaga osadziwa kuti akhala. Chakudza sichiimba ng'oma, zoona, koma ichi chinabwera ndi belu la njinga. Ndalama zonse zinali zitalowa m'chigayo, zina m'lamba, zina m'denga, zotsala mu dizilo. A Kholowa anaviika burashi m'chitini n'kulemba chizindikiro chofiira pachitseko, chachikulu moti ndi wakhungu yemwe akanachipapasa. Anati ngati pofika m'mawa wotsatira Tsiku la Unyamata ndalama sizinaperekedwe, kudzabwera ngolo ya boma kudzazula chigayo. Ananyamuka atapepesanso kawiri.

Mtima wa a Nangondo unawawa kwambiri tsiku limenelo. Sanalire pamaso pa amayi a ndowa, koma atatseka chitseko anakumbatira injini yotentha ija n'kulira ngati yawamwalirira.

M'mawa mwake anapita ku Bwalo la Inde-Inde, kumene nduna zinkakumana ndi mfumu. Bwalolo linkatchedwa choncho chifukwa chimangidwire simunamvekemo mawu akuti ayi. Mfumu inali pampando wake ikuwodzera, koma a Nyambitani anafotokoza kuti sikugona, ikulingalira za masewera. A Nangondo anagwada, anaomba m'manja, n'kudandaula zonse mwatsatanetsatane.

A Nyambitani anaimirira, anakonza mimba yawo, n'kuyamba.

"Mfumu Yaikulu, Mphukira ya Mphukira, Tsamba Losafota, Inu amene dzuwa limakufunsani zaka n'kuchita manyazi! Nduna zinzanga! Taonani chibwana cha ana a masiku ano. Mtsikana uyu, kamwana ka dzulodzuloli, kakufuna kudya ndalama za ukalamba mkaka usanaume pakamwa! Kodi tikalola ana onse kutapa m'Nkhokwe, nkhalamba zidzadya chiyani?"

"Nkhalamba zake ziti, Olemekezeka?" anafunsa a Nangondo.

"Zimene zidzakhaleko!"

"Inde, inde," zinavomera nduna.

"Ndiponso," anapitiriza a Nyambitani akuloza chala, "pamaso pa lamulo iwe sunapume pantchito. Wachinyamata sapuma. Ukadali Namfuwu wa Ufumu, kungoti wajomba. Uthokoze kuti sitikukulipiritsa za kujombako, poti tinapeza makina. Makina sadwala pakhosi, sapita kumaliro, safuna penshoni."

"Koma lamulo loipa chotere analipanga ndani? Bwanji sitinauzidwe?"

Apa bwalo lonse linaseka mpaka mfumu inadzidzimuka. A Nyambitani anapukuta misozi.

"Analipanga ndani? Unalilulutira wekha, mwana iwe! Chaka chija unavala duku lobiriwira. Nthungululu yake inali yaitali kuposa zonse, mpaka tinakupatsa nsalu."

A Nangondo anaikumbukira nsaluyo. Inali chitenje chomwe chija anavala popita ku Nkhokwe. Manyazi anawagwira, anatuluka chamutu pansi.

Pamsika wa Nong'onong'o anthu ankalankhula motsitsa, koma ankalankhula zonse. A Nangondo analunjika pansi pa mkuyu pamene msuweni wawo, a Jailosi, ankameta ndi kupaka anthu polishi. A Jailosi anali olemera pamsika ponse, poti ku Mawanso ukhoza kugona ndi njala koma sungadzuke ndi imvi. Pabenchi panali madala atatu akudikira, ndodo zawo atazibisa m'miyendo ya mathalauza.

"Mkazi wanga wabwera!" anatero a Jailosi, monga asuweni amachitira. "Ndamva kuti boma lakukongoletsera chitseko. Penti yaulere, ena timachita kugula."

"Iwe Jailosi, usandiseke. Chigayo chikupita. Ndibwereke ndalama."

A Jailosi anasiya burashi. Nthabwala zinawathera pang'ono. "Msuweni, ndikanakhala nazo bwenzi ndakupatsa usanamalize kupempha. Koma nanenso a Kholowa anandiyendera. Akuti polishi wa kumutu amalipira msonkho wa nsapato ndi wa chipewa womwe."

Mdala wina wa pabenchi, wopanda dzino ndi limodzi lomwe, anatsokomola. "Ine ndikuti mtsikanayu asadandaule. Ine ndakhala ndikudikira ukalamba kuyambira chaka cha dzombe. Dzulo mdzukulu wanga anandifunsa kuti ndikadzakula ndidzakhala ndani."

"Munamuyankha chiyani?" anafunsa a Jailosi.

"Ndinati ndidzakhala maliro."

"Musatero, achimwene," anatero mnzake. "Kwathu kuno anthu safa ndi ukalamba. Malemu bambo anga analembedwa kuti anamwalira ali wakhanda, zidzukulutudzi zili pamaliro."

Anaseka chamumtima, mapewa okha akugwedezeka, monga ankasekera a ku Nong'onong'o. A Nangondo nawo anaseka, koma kuseka sikulipira msonkho. Anayesa kugulitsa mbuzi zawo ziwiri, anagulitsa wailesi, anakweza mtengo wogayitsa mpaka amayi a ndowa anayamba kuwanena. Zonse pamodzi sizinafike ngakhale pa mchira wa chiwongoladzanja. A Jailosi anawalangiza kuti amasule injini akaibise kumanda, koma injini ya dizilo si nkhuku yoti ungaifungatire m'chitenje. Anawalangizanso kuti apite pakhomo pa a Nyambitani ndi tambala. Tambalayo analandiridwa bwino kwambiri, eni ake n'kuuzidwa kuti abwere mawa.

Tsiku la Unyamata linafika. A Nangondo sankafuna kupita, koma kusapita unali mlandu wina, ndipo milandu inali itawakwana. Anapukuta injini komaliza, anachotsa thonje m'makutu n'kuliika pawindo, n'kupita kubwalo la masewera. Anakaima kumbuyo pamodzi ndi a Jailosi. Kanali koyamba pa moyo wawo kufika pamwambo wa boma makutu ali otsegula.

Dzuwa la tsiku limenelo, abale, linali losaseka ndi munthu. Pofika masana polishi anayamba kusungunuka m'mitu ya khamu lonse, n'kumatsikira m'makosi. A Nyambitani analankhula nthawi yaitali. Anati chuma cha dziko chikukula ngati mfumu, kutanthauza kuti chikadali chaching'ono koma chili ndi tsogolo. Analengeza kuti kuyambira chaka chamawa nyamakazi izidzatchedwa kutopa kwa masewera. A Nangondo anatsegula pakamwa.

"Jailosi, zimene amanena n'zimenezi? Zaka zonsezi?"

"Lero asankha zanzeru," anatero a Jailosi.

Mluzu unalira. Mfumu inanyamuka itavala kabudula woyera, timiyendo tili ngati nsungwi. Anyamata aja anagwira ntchito yawo mwaluso, manja akupalasa mphepo, nkhope zili gwaa, mapazi akuponda pamodzimodzi. Koma chaka chimenecho mfumu inachedwa kuposa kale. Mnyamata wina anaona kuti aipitirira, anadzigwetsa n'kuyamba kuzula minga yomwe panalibe. Wina anabwerera kukafuna nsapato imene inali kuphazi kwake. Khamu linkaomba m'manja mpaka manja anatopa, linapuma, n'kuyambiranso. Pomaliza mfumu inafika pachingwe, ndipo ogwira chingwe anachita kuchibweretsa kuti ikumane nacho.

Inakweza litchowa. "Ndi... ndikadali mphukira," inatero ndi mawu a kamwana ka mbuzi.

A Nyambitani anadina batani.

Zii.

Anadinanso. Anamenya makinawo ndi chibakera. Zii. Magetsi anali atazima, monga ankazimira masana aliwonse ku Mawanso, kungoti chaka chino mfumu inachedwa kufika. Amisiri anathamanga uku ndi uku atanyamula mawaya. Mfumu inangoima padzuwa litchowa lili m'mwamba, poti kulitsitsa nthungululu isanalire kukanakhala kufafaniza mawu. Polishi ankatsikira m'maso mwake. Bwalo lonse linali chete moti munkamveka mawondo achifumu akugundana.

Diso la a Nyambitani linagwera pa a Nangondo.

"Namfuwu! Namfuwu wa Ufumu! Pantchito msanga!"

"Ine ndinapuma, Olemekezeka," anayankha a Nangondo ali kumbuyo komweko.

"Sunapume! Ndanena kale pabwalo kuti ukadali Namfuwu! Nduna zinzanga, si choncho?"

"Inde, inde!"

Asilikali anawatsegulira njira. A Nangondo anayenda pang'onopang'ono. Ankadziwa bwino chimene akuitanidwira. Akaluluta, mfumu ikhala mphukira chaka china, iwo akhala duwa, ndipo m'mawa ngolo idzabwera kudzazula chigayo. Akakana, ndi ndende, chigayo n'kupitabe. Anafika pamalo awo akale, pafupi ndi mfumu, ndipo kwa nthawi yoyamba anaiyang'ana kumaso m'malo moyang'ana litchowa. Anaona gogo wotopa, milomo itauma, akupuma ngati mvukuto. Mkwiyo umene anabwera nawo unasanduka chisoni.

"Bwerezani mawu aja, Tsamba Losafota," ananong'ona a Nyambitani. "Mokweza pang'ono, kuti alulutire."

Mfumu inayang'ana a Nangondo ndi diso limodzi, linalo litamatidwa ndi polishi. Dzanja la litchowa linali litauma m'mwamba momwemo, losatheka kutsika.

"Mayi," inatero, "tandipezereniko mpando. Ndatopa ine. Ndakalamba, abale, ndakalamba."

A Nangondo anayang'ana litchowa. Linali m'mwamba. Anakoka mpweya wonse wa m'bwalomo.

Nthungululu imene inatuluka tsiku limenelo anthu akuikambabe. Kachifuwa kaja sikanayerekeze n'komwe. Agalu a kumalire anauwa, nkhunda zinasamuka, mwana wina amene anameza kandalama anakalavula. A Nyambitani anathamangira kuti awatseke pakamwa, koma nthungululu ikatuluka sibwerera.

"Sizikuwerengedwa!" anakuwa. "Mfumu imangocheza! Mayiyu si Namfuwu, anapuma kalekale!"

"Mwangonena kumene kuti sanapume," linatero liwu la a Jailosi kuchokera kumbuyo. Aka kanali koyamba munthu wa ku Nong'onong'o kulankhula mokweza.

"Inde, inde," zinavomera nduna mwachizolowezi, zisanaganize.

Wina anabweretsa mpando. Mfumu inakhala, inatulutsa mpweya wautali, n'kuyamba kuseka. Inaseka mpaka misozi inatsuka polishi m'maso. "Ndiye kuti chaka chamawa sindithamanga? Ha! Bwanji simunandiuze kale kuti n'zotheka? A Nyambitani ankandiuza kuti ndikangokalamba dziko ligwa."

A Nyambitani sanagonje msanga, poti munthu wakuba amadziwa malamulo. "Chabwino, mfumu yakalamba lero. Koma mayiyu anatapa chaka chatha, mfumu ikadali mphukira. Msonkho ulipobe!"

A Kholowa, amene anaima chapafupi ndi chitini chawo, anagwedeza mutu kuvomereza kuti pamenepo nduna yanena zoona.

"Lero?" inatero mfumu ikusisita bondo ndi dzanja lamanzere. "Iwe Nyambitani, ukuganiza kuti mawondo awa ayamba lero? Ine ndinakalamba iwe usanamere ndevu."

Dzanja lamanja linali likadali louma m'mwamba, litchowa lili pomwepo. A Nangondo sanadikire kuuzidwa, analulutanso, mawu amenewonso n'kukhala lamulo.

Madzulo a tsiku limenelo mtsinje wa Tsekapakamwa unayenda wakuda, anthu akutsuka mitu. Dziko lonse linayera mbee ngati munda wa thonje. Ndodo zinatuluka m'mathalauza. Amuna ena anaona koyamba mitu yeniyeni ya akazi awo, ena anadabwa, ambiri anangoti zikomo. Magetsi atabwera, makina aja analuluta okha m'bwalo lopanda anthu mpaka anapsa. A Jailosi anataya malonda tsiku limodzi, koma pofika m'mawa anali atayamba kale kusema ndodo pansi pa mkuyu womwewo, mtengo wake wokwera.

Ngolo ya boma sinabwere kuchigayo. M'malo mwake m'mawa umenewo nkhalamba zonse za ufumu, aphunzitsi, asilikali, amesenjala, anamwino, zinakhamukira ku Nkhokwe ya Ukalamba kukatapa, poti tsopano nthawi inali itakwana. A Kholowa anali kutsogolo atavala jekete la ku tchalitchi. Kalaliki uja anatsegula zitseko zachitsulo n'kuthawira pawindo. M'katimo anapezamo bokosi limene munabwera makina a nthungululu, mulu wa zitini zopanda kanthu za polishi wachifumu, ndi nkhuku ya kalaliki itafungatira mazira pakona. Ndalama zimene anapatsidwa a Nangondo zija n'zimene zinali zomaliza, zopalapala pansi.

A Nyambitani analankhula ali padenga, poti pansi panali ndodo zambiri. Anati ndalama zilipo, zangopita kukagwira ntchito kunja, ndipo anthu abwere mawa. Mdala wopanda mano uja anayang'ana nkhuku ija kwa nthawi, n'kunena kuti, "Komabe Nkhokwe yathu ikuswa." Anthu anaseka, mokweza tsopano, ena akupukuta m'maso. Kenako anakhala pansi kuzungulira nyumbayo kudikira kuti nduna itsike. Nkhalamba zilibe kothamangira, ndipo ndamva kuti a Nyambitani anaphunzira zambiri padengapo.

Nduna zotsala zinapita kuchigayo kukapempha a Nangondo kuti abwerere pantchito, poti panali misonkho yatsopano yofunika kululutira, woyamba wa imvi. A Nangondo anawalandira bwino, anawapatsa mipando, n'kuwauza kuti iwo ndi nkhalamba yopuma, lamulo likutero. Mpaka lero ku Mawanso misonkho imeneyo ikadali nkhambakamwa.

Patapita masiku, a Kholowa anafika kuchigayo wapansi, njinga atagulitsa. Mutu unali woyera, jekete likulendewera. Kudzanja lina ananyamula kathumba ka chimanga, kwinako kansanza konyowa ndi palafini. Sanapereke moni wa boma. Anangopita pachitseko n'kuyamba kupukuta chizindikiro chofiira chija.

"Chisiyeni, bambo," anatero a Nangondo. "Anthu amalondolera pomwepo. Amati chigayo cha penti yofiira."

A Kholowa anasiya. Anayang'ana pansi. "Mayi, ine ndinadulidwa mwezi uliwonse kuyambira ndili mnyamata weniweni. Sindinatapepo, ndinkadikira nthawi yake monga lamulo linkanenera. Ndinkauza anthu kuti wodekha adzadya." Anawaonetsa kathumba kaja. "Kunyumba kulibe ufa. Yogayitsira ndilibe."

A Nangondo anawayang'ana bambo amene anawagonetsa ndi misozi uja. Anafuna kuwakumbutsa za matheka awiri ndi chiwongoladzanja, mawu anafika pakamwa penipeni. Koma anayang'ana kathumbako, ndipo kanali kopepuka kwambiri. Anakalandira, anakakhuthulira m'chigayo, anatapa chimanga china m'ndowa yawo n'kuwonjezera.

"Ndidzalipira liti, mayi?" anafunsa a Kholowa, poti munthu wa msonkho sakhulupirira chinthu chopanda tsiku.

A Nangondo anatola thonje pawindo, analigawa pawiri, theka n'kuwapatsa.

"Mudzalipira mukadzabwerera ku unyamata," anatero, n'kuliza injini.